Mlamu Wanga Nehemiya ndi Madzi a M'chidzenje

Mlamu wanga Nehemiya anaphunzira kusambira imvi zili mbuu kumutu, munthu woti moyo wake wonse madzi ankawadziwira m'beseni ndi m'kapu basi. Anakwatira mlongo wanga Lusiya, ndipo takhala moyandikana ku Makwasha kuno ku Zvishavane kuyambira mgodi wa asibesitosi udakali kugwira ntchito. Iye ankawotcherera zitsulo kumgodiko, ine ndinkakankha ngolo. Mgodi utaima, iye anatsegula kashedi pakhomo n'kumawotcherera mageti ndi mawilibala. Mwana wake mmodzi yekhayo, Takudzwa, analowa gulu la makorokoza, anyamata okumba golide paokha m'migodi yosiyidwa. Nanga akanalowera kuti? Ntchito kuno inatha ngati makatani.

Takudzwa anafera m'chidzenje chakale kunja kwa tauni, chimene eni mgodi anachisiya kalekale, ndipo chinadzaza madzi. Ankakumba m'khoma lake nthawi ya dzinja, khomalo linagumuka n'kumukokolorera m'madzi anzake akuona. Kunabwera akatswiri ovala mathanki a mpweya kumsana. Analowa, anafufuza, anatuluka akupukusa mitu. Anati madziwo ndi akuda bii, kuya kwake n'kosadziwika, ndipo pansi pali zitsulo zakale zoti zingakole munthu. Ine sindiwanena, nawonso ali ndi ana kunyumba.

Akuluakulu a sosayite yathu ya maliro anabwera ndi nzeru ya makolo, yoti mtembo ukasowa amaika thunthu la nthochi m'bokosi, anthu n'kulira, maliro n'kutha. Nehemiya anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Anzathu achishona akamwalira amawanyamula kupita kumusha, kumudzi kwawo," anatero. "Ife kumusha kwathu n'kuti? Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi, sanabwererenso. Dothi lokhalo limene tili nalo m'dziko muno ndi la kumanda. Ndiye mukuti pamalo a mwana wanga ndiikepo nthochi? Ayi, bodza."

Mawuwo anali oona, koma amene anawalipira anali amayi awiri. Kwathu maliro akapanda kuikidwa sitimeta, ndipo tisanamete wamasiye samasulidwa. Nomatter, mkazi wa Takudzwa, mtsikana wamng'ono ndithu, anangoti kakasi pakhomo pa apongozi, mkazi wa munthu ayi, wamasiyenso ayi. Makolo ake anabwera kuchokera ku Rutendo kudzamutenga, anabwerera chimanjamanja. Lusiya naye anasiya kudya. Ankadzuka m'mawa n'kukakhala m'mphepete mwa chidzenje, kumangoyang'ana madzi mpaka dzuwa kupendeka. Mlongo wanga ankatha ine ndikuona, ndipo mlamu wangayo ndinamuda kwambiri masiku amenewo. Ndinamuuza pamaso kuti makani ake apha anthu amoyo chifukwa cha wakufa.

Iye anagulitsa makina ake owotcherera, n'kundiuza kuti ndimuperekeze ku Bulawayo, kumene kuli kalabu yophunzitsa anthu kusambira pansi pa madzi ndi mathanki, zongosangalatsa mtima. Mphunzitsi wake anali mnyamata waulemu dzina lake Simba. Tsiku loyamba anawakhazika m'mbali mwa dziwe losambiramo, n'kufunsa aliyense chimene chamubweretsa. Mtsikana wina anati akufuna akaone zam'nyanja ya ku Mozambique patchuthi. Bambo wina wonenepa anati adokotala anamuuza kuti apeze masewera otsitsa mtima. Wina anati pansi pa madzi foni silira, onse anaseka. Zifukwa zabwino ndithu, za anthu amene ana awo onse ali moyo. Atafika pa Nehemiya, iye anangoti, "Inenso chimodzimodzi."

Anayambira kosaya, kumbali ya ana, akumwa madzi ngati ng'ombe. Ine ndinkachita manyazi m'malo mwake. Koma munthu amene watha zaka atavala chigoba cha wowotcherera saopa kuphimba nkhope, ndipo atangovala magalasi ndi chopumira kukamwa anakhazikika kuposa achinyamata aja. Simba ankabwereza malamulo ngati katekisimu. Usasunge mpweya m'chifuwa, uzipuma nthawi zonse. Pokwera usathamange, usapitirire thovu lako. Woyamba kumene ali ndi malire ake a kuya. Ndipo chachikulu, usalowe m'madzi wekha.

Anaululika yekha tsiku limene anafunsa mmene munthu anganyamulire chinthu cholemera chomatirira m'matope. Simba anamutengera pambali, ine ndili pomwepo.

"Mudhara, bambo wanga, zimene ndikukuphunzitsanizi n'zokasangalala, si zokavuula maliro," anatero Simba. "M'migodi mumatsala ngakhale akatswiri. Ndapota, chonde, musayerekeze."

"Ndamva, mwanangu," anayankha Nehemiya.

Kumva anamvadi, koma analowetsera khutu lino n'kutulutsira linalo. Simba anakana kumubwereka zida, iye anakagula zakale kwa munthu wina. Thanki ikatha mpweya ankapita nayo yekha pabasi kukadzazitsa. Za lamulo loti usalowe wekha, anati mnzakeyo ndine. Ine amene sindidziwa n'kuyandama komwe! Ntchito yanga inali kukhala pamwala ndi chingwe chimene anachimanga m'chiuno, kumachimasula pang'onopang'ono, maso ali pa thovu lotumphuka pamadzi. Ndikanakana akanalowa wopanda chingwe, ndimamudziwa.

Loweruka lililonse tinkapita. Ankati pansipo tochi sithandiza, amangofufuza ndi manja. Anavuula mafosholo, matayala, mutu wa mbuzi. Tsiku lina anatuluka magazi akuchucha m'mphuno, khutu lakumanzere silinamvenso mpaka lero. Ana a ku Makwasha anayamba kumutchula kuti Sekuru Chule, kutanthauza Agogo Chule. Nthawi yonseyi Nomatter ankangosesa pabwalo ndi kutunga madzi, anzake akubereka ana.

Chilimwe chitafika pachimake madzi anatsika, ndipo m'mawa wina chingwe chinagwedezeka mobwerezabwereza m'manja mwanga. Ndinakoka msangamsanga. Anatuluka atakumbatira thumba. Munali mafupa a munthu, jombo za mphira, ndi zidutswa za ovolosi yabuluu, yomwe makorokoza onse amavala. Ena amene ankasefa dothi chapatali anaona, ndipo uthenga unathamangira ku Makwasha ife tisanapume n'komwe.

Nehemiya anayala mafupawo pa thumba mwaulemu, limodzilimodzi. Atafika pa mafupa a miyendo anawatembenuza nthawi yaitali, akuwasisita ndi chala.

"Mlamu, si iyeyu," anatero chapansipansi. "Taku anathyoka mwendo ali mwana, atagwa mumtengo wa mango, ndipo fupa linalumikizana mokhota. Awa onse ndi owongoka."

Ndisanatsegule pakamwa tinamva kulira. Lusiya, amene tsikulo anatsala kunyumba, ankabwera akuthamanga, wopanda nsapato, Nomatter ndi amayi a mpingo ali pambuyo. Anadzigwetsa pansi, anamasula chitenje chake n'kufunditsa mafupawo ngati akufunditsa khanda. "Wabwera, mwana wanga wabwera! Wazizidwa kokwanira, Taku, tiye kunyumba." Ankalira, koma nkhope imeneyo ndinali ndisanaione chigumukire khoma lija. Inali nkhope ya munthu wamoyo.

Apolisi atafika, Lusiya anawauza kuti ovolosiyo ankaichapa yekha, sangaiiwale. Wapolisi wamkulu anatembenukira kwa Nehemiya.

"Baba, imi munoti chii? Ndi mwana wanu ameneyu?"

Nehemiya anayang'ana mkazi wake ali chigwadire. Anayang'ana Nomatter, amene anaima poteropo manja ali kumutu. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ndi iyeyo," anatero.

Maliro anali aakulu. Sosayite inagula bokosi, adzukulu anakumba manda pafupi ndi a agogo ake a ku Dedza aja, abusa anayamikira bambo amene sanataye mwana wake. Nehemiya anaponya dothi ndi dzanja lake, maso ali gwa. Titameta, Nomatter anamasulidwa, anagwada pamaso pa apongozi ake n'kunena kuti, "Maita basa, zikomo baba, mwandichotsa m'ndende." Anakwera basi ya kwawo ku Rutendo ndi kachikwama kake. Lusiya anayambiranso kudya. Anabzala maluwa pamandapo, ndipo Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amapita kukasesa ndi kucheza ndi mwana wake.

Ine zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe. Kwinakwake, kaya ku Mberengwa kaya ku Shurugwi, kuli mayi amene akudikira mnyamata amene ife tinamukwirira ndi dzina la eni. Ndinamuuza mlamu wangayo titakhala awiri kuseri kwa shedi yake yopanda kanthu.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma nayenso ankafunika manda. Akadzabwera omufuna, ndidzawalozera ndekha, zidzavute zidzatani."

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma Loweruka lotsatira, dzuwa litangotuluka, ndinamva kugogoda. Anali Nehemiya, thanki ili pawilibala, chingwe chili paphewa.

"Mlamu, tiyeni."

Ndinakalipa. Ndinati khutu lafa kale, kodi akufuna Lusiya aikenso maliro ena? Ndinati wachita zimene bambo aliyense sakanachita, apume. Anadikira kuti ndimalize, monga amachitira.

"Aliyense wapeza wake," anatero. "Lusiya ali ndi manda, Nomatter ali ndi ufulu. Wanga adakali m'madzi."

Tikudutsa pageti pawo, Lusiya anatuluka ndi mbatata zophika m'kapepala ndi botolo la tiyi. Anandipatsira ine, akumwetulira, masaya atayamba kubwerera.

"Achimwene, musawaletse bambo a Taku," anatero. "Avutika kwambiri. Asiyeni, madziwa angowazolowera, apeza chowasangalatsa paukalamba."

Ndinalandira mbatatazo, ndipo Nehemiya anakankha wilibala kulowera kuchidzenje.