Phindu Langa Linagula Ndodo za Amayi

Inu owerenga, mwendo wa amayi anga sunadulidwe chifukwa cha matenda a shuga okha ayi. Nanenso ndinaikapo dzanja, ndipo mpaka lero mtima sundikhala m'malo.

Ndimagulitsa kaunjika pa Boma pano ku Mwanza. Amayi anabadwira tsidya lija ku Mozambique, ndipo anabwera kuno wapansi nthawi ya nkhondo atabereka achimwene anga kumsana. Bala la kuphazi kwawo litakana kupola, adokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti ndithamangire nawo ku Blantyre sabata yomweyo. Achimwene aja, omwe anabwerera ku Tete, anapatsira dalaivala wa thiraki mametikali, ndalama za kumeneko, oti ndisinthe, akhale a ulendo, mankhwala ndi chakudya.

Ndinakwera kabaza kupita pa boda. Anyamata osintha ndalama anandizinga, aliyense mpukutu kumanja, ndipo mtengo unali wabwino ndithu. Koma mnzanga wa kaunjika anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti kwacha ikugwa posachedwa, wogwira metikali aseka. Mutu wa geni unandizungulira. Ndalamazo ndinabwerera nazo kunyumba zili mu sokosi.

Amayi atamva anapukusa mutu. “Mwanawe, kasinthe lero. Ine ndinaona esikudo ya Apwitikizi ikutha, metikali ikubwera. Pankhondo inadzaza thumba osagula kanthu, kenako anaichotsa maziro atatu. Kunonso akuti kunali mapaundi kwacha isanabwere. Pepala silidikiridwa.”

Ine ndinangoti mawa, amayi. Nanga munthu wosapita kusukulu angandiphunzitse za ndalama ine? Umo ndi momwe ndinkadzinamizira.

M'mawa uliwonse ndinali pa boda kufunsa mtengo, masana khutu pa wailesi. Benchi yanga ya kaunjika ndinaiiwala, nanga ndikanakhala pansi bwanji? Mtengo ukakwera pang'ono ndinkati udzakweranso, ukatsika ndinkati sindingasinthe moluza. Bala ndinkalitsuka ndi madzi a mchere, fungo lake n'kumachita ngati sindikulimva. Achimwene akaimba foni ndinkanama kuti tikudikira tsiku lomwe adokotala anatipatsa.

Patatha masabata atatu kwacha inagwadi. Ndinasintha, phindu ndinalipeza, ndipo ndinafika kunyumba ndikumwetulira. Ndinapeza zala za kuphazi kwa amayi zitada bii.

Ku Blantyre adokotala anafunsa chomwe tinachedwera. Anadula m'munsi mwa bondo mwendo womwe amayi anawoloka nawo mapiri a ku Zobue pothawa mfuti. Amayi sanandikalipire, ndipo sanawauze achimwene chilichonse. Bola akanandimenya.

Abale anga, ndalama ya odwala si mpamba wa geni. Ikafika, sinthani tsiku lomwelo pa mtengo womwe mwaupeza, ngakhale ukhale wowawa. Phindu langa lonse lija linangokwana kugula ndodo ziwiri zoyendera, ndipo ndimazimva zikugogoda pakhonde m'mawa uliwonse.