Msilikali wa Pakati pa Mlatho

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Julayi, ine ndikusesa makoko a nzimbe pakati pa mabenchi. Chisakasa changa choonetseramo mafilimu, kuseri kwa msika wa Kafue, chinalibe chitseko, choncho mmodzi anagogoda pa lata ndi kiyi wa galimoto. Anali awiri, wina wa jekete yachikopa, wina wamagalasi.

"Ndimwe bamene mumakamba mu mafilimu?" anafunsa wamagalasi.

"Ndine, bwana."

"Nyamulani reji yanu na deki. Tifuna chabe tikambeko pang'ono. Muzabwelela manje manje."

Reji, chitupa changa chobiriwira cha unzika, inali kale m'thumba. Deki, makina oonetsera makaseti a mafilimu, ndi TV ndinanyamula ndekha n'kuziika m'galimoto mwawo. Wajekete anasankha kaseti imodzi yokha pa shelefu, yopanda dzina. "Manje manje" wawoyo anatenga masiku khumi ndi asanu ndi atatu.

Chinali chaka chachiwiri chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri. Tinali titavina m'misewu, ine ndemwe ndinataya nsapato imodzi pafupi ndi siteshoni ya sitima. Koma walira mvula walira matope. Fakitale imene ndinkagwirako inatichotsa ambirimbiri, ndipo katundu wakunja anasefukira pamsika: zovala za kaunjika zimene timati salaula, mawailesi, makaseti odzaza makatoni. Ndinagula deki n'kuyamba kuonetsa mafilimu kwa anzanga ochotsedwa ntchito, amene masana analibe kolowera.

Kaonetsedwe kathu kanali kotere. Filimu ikamayenda, ine ndinkakhala pambali pa TV ndi maikolofoni, n'kumanena m'Chinyanja zimene anthu a m'filimumo akuyankhula. Anthu ankabwera kudzamva ine, ndipo pa zimenezi sindidzichepetsa, pakamwa ndinali napo. Za Chingerezi ndinkamasuliradi, ndikuthirako kamchere. Koma kaseti yopanda dzina ija inali m'chiyankhulo chimene mpaka lero sindichidziwa. Ndikanaitaya, koma nditaionera ndekha inandigwira pamtima.

Munali msilikali wachinyamata, gulu lake likumenyana ndi anthu a tsidya la mtsinje. M'thumba la malaya ankasunga chithunzi cha mayi wina wovala mpango wofanana ndi wa akazi a tsidya lija. Tsiku lina mkulu wake anamulozera mudzi wa tsidyalo kuti awombere. Mnyamatayo anapukusa mutu, anaika mfuti pansi, nayamba kuyenda pa mlatho. Akafika pakati penipeni, kaseti inkatha. Amene anajambula inamuperewera, ndipo mapeto ake palibe anawaonapo.

Popeza mawu ake sindinkawamva, ndinamupatsa anga. "Bwana, mukamba ati niwombele kuja? Atate banga ni ba kuno, amai banga ni ba kuja. Nizidule mwendo uti, wa kumanja olo wa kumanzele?" Anthu ankaimirira pa mabenchi. Kaseti ikatha ankakuwa kuti, "Manje apita kuti?" Ine ndinkapeka mapeto malinga ndi tsiku. Lolemba ankawoloka, Lachitatu ankabwerera, ndipo Loweruka, anthu akadzaza, ndinkamupha kuti azimayi alire.

Mawuwo sindinawatole patali. Bambo anga anabadwira kum'mawa, m'mudzi umene malire anaudula pakati, nyumba ku Malawi, munda ku Zambia. Anabwera ku Kafue ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, nakwatira mayi anga, mwana wa asodzi a ku Chanyanya. Ine ndinabadwira m'komboni ya anjanji. Abale a amayi ankanditcha wa kum'mawa, ndipo abale a bambo akabwera ankaseka kayankhulidwe kanga. Mapanga awiri avumbwitsa, amatero akuluakulu, koma ine ndinali ndisanavumbwepo mpaka Lachiwiri limenelo.

Ananditengera ku nyumba ina yopanda chikwangwani, ulendo wa ola limodzi. Lachitatu wamagalasi anandiuza milandu iwiri. Woyamba unali wakuti mwa oonera anga munali asilikali atsopano amene anali patchuthi, ndipo munthu wina anakanena kuti ndikuwaphunzitsa kukana malamulo. Wachiwiri unali wakuti ndine mlendo.

"Atate banu banabadwila kuti?"

"Nyumba inali ku Malawi, bwana, koma munda..."

"Sininafunse za munda. Munthu samabadwila mu munda."

Anatenga reji yanga naiponya m'dirowa. "Iyi tizaona ngati ni yanu zoona. Ngati si yanu, tizakupelekani pa boda mukapeze banu."

Apa mpamene mantha enieni anandigwira. Ku Malawi ndinali ndisanapondeko. Bambo anali atamwalira, amayi anali okalamba, ndipo mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Kundisiya pa malire kunali kundichotsa m'dziko lokhalo limene ndinkalidziwa.

Lachinayi wamagalasi kunalibe. Ndinatsala ndi wajekete, amene ankafuna mayina a anthu amene anandituma. Mayina ndinalibe. Tinakhala m'chipindamo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuchokera tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva bwino, ndipo pocheza ndimapendeketsa mutu. Ana amaganiza kuti ndi matama.

M'selo tinalimo asanu ndi awiri, mabulangete atatu, kuzizira kwa Julayi kukulowera pansi pa chitseko. Madzi ankatibweretsera mlonda wina wachikulire amene sankayang'ana munthu kumaso. Tsiku lililonse galimoto ikalira panja ndinkati ndi ya kumalire. Ndinayesa kukumbukira dzina la mudzi wa bambo ndi mayina a azibale awo, kuti ndikakhale ndi ponena, koma ndinangokumbukira awiri, ndipo onse anali akufa.

Lolemba la sabata yachitatu ananditulutsa m'selo. M'chipinda chija ndinapeza deki yanga ndi TV zitalumikizidwa, pambali pali mlembi ndi mapepala.

"Muzamasulila liu na liu," anatero wamagalasi. "Pambuyo tizaitana munthu woziba chitundu ichi, aone ngati munama."

Ndinaganiza mofulumira. Ndikati mawuwo ndi a filimu, wodziwa chiyankhulocho adzandigwira bodza. Ndikanena zoona, mlandu wonse ugwera ine, chifukwa mawu oukirawo akhala anga. Ndinasankha zoona. Sikunali kulimba mtima ayi, ndinali nditangotopa.

"Bwana, chitundu ichi sinichiziba. Olo liu imozi."

Mlembi anaika cholembera pansi.

"Manje miyezi yonse iyi mwenze kukamba chani?"

"Vanga, bwana."

Wajekete anaseka mpaka kumenya tebulo. "Wazipha weka, iwe!" Wamagalasi sanaseke. Anandilozera TV, nati, "Chitani mwamene mumachitila ku maliketi."

Ndinapempha botolo lopanda kanthu limene linali pawindo, chifukwa popanda chogwira pakamwa mawu sanditulukira. Poyamba ndinkaphonya mawu. Koma filimu ndi filimu, mfuti zitayamba kulira pakamwa panga panakumbukira ntchito yake. Pofika pa mlatho sindinkanenanso za mnyamata wa m'kasetiyo. Ndinanena za munda wa bambo, za bwato la amalume ku Chanyanya, za mwana amene anali m'mimba mwa mkazi wanga, amene palibe anamufunsa mbali imene akufuna. Ndinalira pamaso pawo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Kaseti inatha. Nditacheuka ndinaona alonda atatu ataima pakhomo. Kenako wachikulire uja, ataiwala kumene ali, anafunsa mokweza kuti, "Manje apita kuti?"

Wamagalasi anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo pakhomo panayera. "Mubwezeni mu selo," anatero.

Madzulo ake, pobweretsa madzi, mlondayo anandiponyera bulangete lachinayi. Anayang'ana uku ndi uku, nanong'ona kuti, "Ba vidiyo, amai banga ni ba ku Zimbabwe. Musauze munthu." Ndasunga chinsinsi chake zaka zonsezi, ndipo ngakhale pano dzina lake sinditchula.

Zimene zinkachitika kunja ndinazimva nditatuluka. Mkazi wanga, ndi mimba yakeyo, anakwera maminibasi kupita ofesi ndi ofesi kufunsa kumene ndili. Anzanga ochotsedwa ntchito aja, amene ndinkawayesa a ulesi, ankamuperekeza mosinthana, ndipo anapeza loya wina wachitsikana amene sankaopa kulemba makalata. Zaka zitatu m'mbuyomo palibe akanayerekeza kufunsa mokweza chotero. Atapeza nyumba imene ananditsekeramo, amayi anga anafika pa geti atanyamula khasu, nakhala pansi. Ankabwera m'mawa uliwonse, ndipo aliyense wovala tayi wodutsa ankamuuza zomwezo.

"Mwana uyo ninamubala ine. Mchombo wake ninakwilila neka pansi pa mango, kuseli kwa nyumba ya njanji. Mufuna kuziba kwao? Kasu iyi, tiyeni mukakumbe."

Lachisanu la sabata yachitatu, cha m'ma teni koloko, wamagalasi anatsegula dirowa n'kundikankhira reji yanga pa tebulo. Pamwamba pake anaikapo kaseti ija.

"Palibe mulandu. Koma uzani amai banu bachoke pa geti yathu na kasu yao." Ndikunyamula deki anawonjezera, osandiyang'ana, "Filimu iyo ilibe mapeto. Muzisamala na mapeto yamene muipasa."

Palibe anapepesa. Za khutu langa palibe anafunsa, ndipo mkwiyo wa zimenezo ndikadali nawo. Sindidziwa chimene chinanditulutsa, kaya makalata a loya, kaya khasu la amayi, kaya botolo lija. Pa geti amayi anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, nandiuza kuti ndaonda ngati usipa wouma. Khasu ndinawanyamulira ine mpaka pa minibasi.

Kale ndinkayesa kuti ufulu ndi tsiku lija tinavina mpaka kutaya nsapato. M'selo ndinaphunzira kuti chitupa chimene wachisunga zaka zambiri chitha kulowa m'dirowa la munthu wina m'kanthawi kochepa. Koma ndinaonanso kuti nthawi inali itasinthadi, chifukwa mayi wokalamba wa ku Chanyanya anatha kukhala pa geti ya boma masiku onsewo akufunsa za mwana wake, ndipo geti inatseguka. Mwana wathu anabadwa mu Seputembala, wamkazi, m'chipatala cha konkuno.

Mkazi wanga anafuna kuti kasetiyo ndiitaye mu mtsinje wa Kafue. Ndinamupempha kuti ndiionetse kamodzi kokha. Loweruka lotsatira chisakasa chinadzaza mpaka ena kusuzumira m'mipata ya malata. Pa benchi yakutsogolo panakhala amayi, amene anali asanaonepo filimu chibadwire, ndi mkazi wanga. Kumbuyo kwenikweni ndinaona bambo wina wachikulire atavala zovala wamba, chipewa chitatsitsidwa kumaso. Ndinamuzindikira mlonda uja, koma sitinapatsane moni.

Mnyamata anaika mfuti pansi, nayenda mpaka pakati pa mlatho, ndipo kaseti inatha. Linali Loweruka, tsiku limene ndinkamupha, ndipo anthu anadikira.

"Manje apita kuti?" anakuwa wina.

"Apita ku nyumba," ndinayankha.

"Mbali iti? Kuno olo kuja?"

Ndinayang'ana mabenchi odzaza anthu amene anatha nsapato pondifunafuna.

"Kwamene kuli banthu bamene bazamusakila akasoba."

Palibe anaimirira pa benchi tsiku limenelo. Amayi anaweramira kwa mkazi wanga n'kufunsa mokweza, monga amachitira okalamba, ngati mayi wa mnyamatayo ali ndi khasu.