Lachinayi la Mayi Fanizo

Mayi Lufina Fanizo amagulitsa tomato ndi mbatatesi pamsewu pa Nsipe, benchi lawo loyandikana ndi langa. Ndi wapampando wa mphakati wathu wa kutchalitchi. Mwana wa wina akadwala, ubatizo ukayandikira, kapena amayi akakangana za nsalu ya kwaya, onse amathera pabenchi lawo. Foni yawo imalira ngakhale ali kubafa. Amuna awo, a Julius, anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi wailesi, chikhoti chachikulu ndi chifuwa chosatha.

Nthawi ya Lenti chaka chatha, bambo mfumu analalikira kuti mkhristu azipeza mpata wokhala chete pamaso pa Mulungu, osapempha kanthu, kungokhala basi. Mawuwo anawalowa Mayi Fanizo.

"Amake Nomsa," anandiuza tikupanga milu ya tomato, "ine ndimalankhula ndi Ambuye mothamanga ngati woitanira minibasi. Lachinayi masana ndizikakhala m'tchalitchi ndekha."

Ndekha! Kuno kwathu munthu sakhala yekha popanda chifukwa. Ukakhala duu mutu uli pansi, ndiye kuti kwagwa zovuta, ndipo wokuona n'kungodutsa alibe umunthu.

Lachinayi loyamba Mayi Christobel, amene amasesa m'tchalitchi, anawapeza ali okha. Anaika tsache pansi n'kukhala pambali pawo.

"Kwagwanji, amayi?"

"Palibe. Ndikupemphera."

"Eya, pempherani. Zimatha izi."

Mayi Christobel anatuluka mwakachetechete kukauza anzawo. Pamene Mayi Fanizo ankatukula mutu, benchi lonse linali litadzaza, wina atayamba kale nyimbo ya maliro chapansipansi. Ena sanalowe n'komwe. Anakumbukira chifuwa cha a Julius n'kulunjika kunyumba atasenza nkhuni ndi ufa. Anawapeza eni ake ali pakhonde, m'chikhoti chawo, akukonza wailesi.

"Mwafulumira, amayi," anatero a Julius. "Nkhunizo tulani pomwepo, koma za maliro mudzabwerenso."

Lamulungu, pamsonkhano wa mphakati, Mayi Fanizo anafotokoza zonse bwinobwino, kuti kunyumba kuli mtendere ndipo akungofuna kukhala chete ndi Mulungu wawo. Amayi anagwedeza mitu mwachifundo. "Tamva," anatero Mayi Christobel. "Za m'banja sizinenedwa pagulu." Lachinayi lotsatira anabwera ochuluka kuposa poyamba, wina ndi botolo la thobwa.

Mmawa mwake Mayi Fanizo anafika pamsika nkhope ili gwaa. Anakhuthula mbatatesi mwaukali moti zina zinagubudukira kumsewu.

"Anthu awa andithetsa nzeru! Kodi Ambuye ndikakumane nawo kuti, pamwamba pa phiri? Kumenekonso anditsatira ndi thobwa. Basi ndasiya."

Zinandiwawa, chifukwa ndinaona kuti akunena zoona. Mayi amene amathamangira aliyense analephera kupeza kampata kakang'ono kawokawo.

Ine sindilankhulalankhula, koma ndimaona. Bambo a Nomsa atamwalira, ndinazindikira kanthu kena. Ndikakhala ndekha pakhonde, aliyense wodutsa ankapatuka. Koma pakakhala munthu mmodzi pambali panga, ankangoti "muli nawo kale" n'kupitirira.

"Ndizipita nanu," ndinatero. "Ine pakamwa panga mukupadziwa."

Lachinayi tinafunditsa tomato ndi masaka, tinakalowa, tinagwada. Posakhalitsa chitseko chinalira. Mayi Christobel anasuzumira, anandiona, n'kuuza a m'mbuyo mwawo kuti, "Ali ndi amake Nomsa." Mapazi anabwerera.

M'tchalitchi munati zii. Kanyali kofiira kankayaka kuguwa, malole akumveka patali. Ndinayamba kupemphera kolona mumtima, mawondo akundiphwanya. Ndisanamalize gawo loyamba ndinamva kaphokoso. Mayi Fanizo anali atatsamira benchi, manja ali pachifuwa, akuliza mkonono.

Ine kusiya malonda anga, basi ya ku Lilongwe ikuima pamsewu ndi ogula, kuti iwo adzagone! Ndinafuna kuwagwedeza, koma nkhope yawo inali itamasuka ngati ya khanda. Ndinawaleka.

"Amayi, munagona," ndinawauza potuluka.

"Inde," anayankha opanda manyazi. "Ndinawauza Ambuye kuti mphakati ndi wawo, ausunge kaye. Kenako sindikudziwa."

Mpaka lero timapita. Masiku ena sagona, amangoyang'ana kuguwa misozi ikutsika, ine osafunsa. A Julius nkhuni zija sanabweze.