Awiri Amene Ndinawasiya M'chisanu ku Joni

Ndinatsimikiza zopita ku Joni tsiku limene mng'ono wanga anatulutsa m'chikuta mwana wake wachitatu. Ine ndinali nditatha zaka zisanu ndi zinayi pabanja, osaima ngakhale kamodzi. Ndinasiya ntchito yolemba nkhani ku Lilongwe, n'kukwera basi ndi amuna anga, a Levisoni. Kwathu ku Nsaru tinangoti tikukasaka maganyu.

Maganyuwo analidi: iwo ankatchetcha kapinga, ine ndinkalera ana a eni. Tinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Patatha zaka zitatu ndalama zinakwana zolowera pachipatala chimene amakumanitsa dzira la mayi ndi mbewu ya bambo kunja kwa thupi, kenako n'kuika mluza m'chiberekero.

Miluza inapezeka itatu. Dokotala sanabise: kwa amayi ambiri, kuika mluza pompopompo kapena kuyamba wausunga m'chisanu choumitsa, mwayi wake sutalikirana kwenikweni. Koma ine mimba inali itatupa ndi majakisoni, choncho anati thupi lipume kaye miyezi ingapo.

Ndinakana. Ine wozolowera kufufuza nkhani ndisanalembe, ndinaganiza ngati mwana wa ku Nsaru: mufiriji mumakhala nkhuku yozinga ndi maliro. "Wanga musamuike kozizira," ndinatero. Anandiika umodzi. Patatha masabata awiri msambo unabwera. Iwiri yotsalayo anaiumitsa.

Amayi ankatumiza mawu pafoni Lamulungu lililonse: mtedza takumba, tchalitchi afolera, uje wakwatiwa. Za mwana sankafunsa, ndipo kusafunsako kunkandiwawa kuposa funso. Mawuwo ndinkawabwereza mpaka ndinaloweza kulira kwa nkhunda kumbuyo kwawo.

Mapepala anga okhalira ku Joni atatha ndinabwerera ndekha, a Levisoni n'kutsala. Ndinatsika pa Nsaru mu Okutobala, nthaka ikununkhira mvula ya chizimalupsa, ija imangonyowetsa fumbi n'kusowa. Amayi ndinawapeza pamkeka akusankha mbewu ya mtedza. Ndinaulula zonse, ndikudikira kumva za tchimo kapena ufiti.

"Ndiye alipo awiri?"

"Awiri, amayi."

"Amoyo?"

"Akuti amoyo. Akungodikira."

Anatola mtedza umodzi n'kundionetsa. "Iwe Naphiri, sukulu yonse ija! Unakadzalira chizimalupsa? Mbewu iyi ndaisunga chikumbire. Yafa kodi?"

Ndinaseka, kenako ndinalira. Zaka zonsezo ndinkabisira munthu yekhayo amene ndikanamumvera atandiuza kuti ndidikire.

Kwathu za mwana sitigula asanabadwe, ndipo amayi ndiwo ankakalipira mng'ono wanga pa zimenezi. Koma sabata yatha, ndikukonzanso mapepala obwererera, anatseka chitseko n'kundipatsa kampukutu. Munali tizipewa tiwiri ta ulusi, toluka okha.

"Usaonetse munthu," anandinong'oneza. "Ukawatenge adzukulu anga. Azizidwa mokwana."