Ndime Yomaliza ya Ba Mubita

Lachiwiri la sabata yatha ndinali pamzere wa sopo pasitolo ya boma mumsewu wa Mosi-oa-Tunya. Mukuidziwa mizere ya masiku ano: umayamba waima kaye, kenako n'kufunsa chimene chabwera. Dzuwa linali litandiwotcha kale pamutu pamene tsitsi linathawa, ndipo bambo wa kutsogolo kwanga ankangotsokomola chifuwa chouma, chosatha. Atacheuka kuti apepese, ndinatsala pang'ono kugwetsa chikwama cha mayi a kunyumba.

Anali Ba Mubita. Mubita weniweni wa Madzimbiri, ali pamzere ndi kathumba m'manja ngati ife tonse.

Achinyamata mukufunsa kuti Madzimbiri n'chiyani, ndipo sindikukudzudzulani. Linali gulu loimba la anyamata atatu a ku komboni ya Malota, lomwe linayamba ufulu wathu ukadali wanthete, tikusesa misewu ndi mabuluku otambalala kumapazi. Mubita, wa mtundu wa Alozi, wogwira ntchito kochekera matabwa, ankaimba ndi kuliza gitala. Choolwe, Mtonga wosalankhulalankhula, anali pa besi. Ng'oma zinali za Sakala, mnzanga wa kwathu kum'mawa.

Nthawi imeneyo tauni yonse inkafuna rumba yoti munthu agwire mnzake m'chiuno. Iwowa ayi. Besi inkagunda m'mimba, gitala inkalira ngati sowo ya kuntchito kwa Mubita, ndipo mwiniwakeyo sankaimba kwenikweni. Ankayamba ndi kulankhula, kenako kudandaula, kenako kukuwa. Hotela ina ya kumathithi inawayesa kamodzi, alendo n'kusiya chakudya pambale. Makolo athu ankati ndi phokoso la chamba. Tinawakonda tinali ochepa, koma tinawakonda ngati atidyetsa mankhwala.

Zinali zaka za nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi. Lamulo linali loti kukangoda aliyense akhale m'nyumba, magetsi azime. Choncho magule athu ankachitika Loweruka masana, mu holo ya khonsolo. Woyang'anira holoyo anali Ba Sitali, munthu wa baji ya chipani pachifuwa, wosadziwa nthabwala. Dzuwa likangofiira, ankapita pabokosi la magetsi n'kugwetsa chitsulo chake, osachenjeza munthu.

Ndiye panali nyimbo imodzi imene ankaisungira kumapeto, yotchedwa Sitima Yachedwa. Inkanena za munthu wodikira pasiteshoni sitima ya matabwa ija yochokera kunkhalango, imene aliyense wa tauni ino amadziwa kuti imafika ikafuna. Kolasi yake inali mawu ochepa: “Sitima yachedwa, amama, nikali pano.” Tinkaibwereza mpaka mawu kusasa. Ndipo Loweruka lililonse, Mubita akangokoka mpweya kuti apitirize, Ba Sitali ankagwetsa chitsulo chija. Zii! Ife n'kutuluka tikuimba kolasi, tikuthamangira kunyumba asilikali asanayambe kuzungulira.

Ngakhale pa kambale kamodzi kokha kamene anajambula, nyimboyo inadukira pomwepo, chifukwa malo anatha. Tinangotsimikiza kuti ndiwo mathero ake. Tinkakhala pansi pa mitengo ya mango kumatamanda nzeru za Mubita: sitima sifika, ndiye nyimbonso isathe. Ineyo ndinafotokozerapo atsikana angapo nzeru imeneyi, ndipo mmodzi anandikhulupirira mpaka lero akundiphikira.

Gululo silinathe ndi ndewu. Nsambo zinasowa m'masitolo, Choolwe n'kuyamba kumangira besi waya wa mabuleki a njinga. Sakala anapeza ntchito ya njanji, anamutumiza kumpoto. Choolwe analowa kwaya ya kutchalitchi. Loweruka lina tinapita kuholo n'kupeza amayi akuphunzira kusoka.

Tibwerere pamzere wa sopo.

“Ba Mubita! Ni imwe?” ndinafunsa.

“Ni ine, mwandi, zosalako zake,” anayankha akuseka. “Pa Satade tiliza futi mu holo. Ba Choolwe bavomela, Ba Sakala babwela na sitima.”

Ndinamufunsa chimene chawakumbutsa patapita zaka zonsezi. Anadzigwira pakhosi.

“Fumbi ya mapulanga yanidya. Badokota bakamba ati mau yazasila. Mwezi wamailo niyenda kumunzi ku Senanga, sinizabwelako. Manje nifuna chabe kusiliza nyimbo ija.”

“Kusiliza bwanji? Si paja imathera pomwe paja?”

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. “Iwe, ili na vesi yosilizila! Ninaipanga kudala, kalekale. Palibe anaimvelako.”

Ndinati nanga bwanji sankaiyamba msanga, Ba Sitali asanadzuke pampando. Anati ankayesa. Akaiyamba msanga, ife tinkangotalikitsa kolasi, kuibwereza, kuibwerezanso, osamupatsa mpata mpaka dzuwa kufiira. Ndinachita manyazi pamzere pomwepo, poti pakamwa panga pankamveka kuposa pa anzanga onse.

Loweruka holo inadzaza. Koma abale, ukalamba ulibe chisoni! Anyamata aja a tsitsi la nyankhalala anabwera ndi mimba ndi madazi, ena aphunzitsi aakulu, ena makalaliki a kubanki. Atsikana aja anabwera atamanga zitenje, akukambirana za zidzukulu. Tinkagwirana manja nthawi yaitali, tikufunsana za ena amene sadzabweranso.

Kenako ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. Okonza mwambowo anali atakatenga Ba Sitali, okalamba tsopano, oyendera ndodo, n'kuwakhazika pampando wa ulemu pafupi ndi bokosi la magetsi. Ndinathamangira kwa mkulu wa okonzawo kukamuuza zimene Mubita anandiuza. Anangondisisita paphewa.

“Osadandaula, Ba Banda, tizachita monga kudala. Bantu bazakondwela maningi!”

Ndinayesa kukuwa kuti sakundimvetsa, koma Sakala anali atayamba kale ng'oma.

Nyimbo zoyamba zinatuluka mokhwekhwereza, zala zitaiwala njira. Koma besi ya Choolwe itangopeza malo ake akale m'mimba mwanga, ndinalira. Sindibisa, ndinalira ngati mwana, mayi a kunyumba n'kundipatsa mpango. Ndinaona nsapato zanga zazitali za nthawi imeneyo, ndinamva fungo la mafuta amene tinkadzola kumutu, ndinakumbukira mmene tinkakhulupirira kuti dziko latsopanoli ndi lathu ndipo zonse zabwino zili m'njira.

Kenako inafika Sitima Yachedwa. Tinaimba kolasi mpaka malata kunjenjemera. Mubita anakweza dzanja kutipempha kuti tikhale chete. Anatseka maso, n'kukoka mpweya ndi chifuwa chake chodwalacho.

Pomwepo wina kumbuyo anakuwa: “Zimya!” Holo yonse inalandira: “Zimya! Zimya! Ba Sitali, zimyani!” Amuna awiri anawadzutsa akuluwo, akumwetulira ngati mkwati, ndipo Ba Sitali anagwetsa chitsulo chija.

Nthungululu, malikhweru, kukumbatirana. Anthu anakhamukira pakhomo akuimba kolasi, monga kale. Kunja dzuwa linali likadali m'mwamba. Kunalibe msilikali, kunalibe lamulo lotithamangitsa, koma anthu anatuluka ndithu.

Mubita anatsala chiimire, pakamwa pali yasa, chokuzira mawu chakufa chili m'manja. Nkhope imeneyo sindidzaiiwala.

Mwayi wake, ng'oma sizidya magetsi. Sakala sanasiye. Anangochepetsa, n'kumagunda pang'onopang'ono, akumuyang'ana mnzakeyo. Tinatsala m'holomo tinali oti n'kukwana pabenchi imodzi: ine, mayi a kunyumba, mlongo wake wa Mubita, ndi ena awiri atatu. Mubita anaika pansi chokuzira mawu, anabwera m'mphepete mwa nsanja, n'kuimba ndi timawu tomwe tamutsalira.

Abale, sitima ija imafika. Mu ndime yomalizayo utsi umaoneka kuseri kwa mitengo, njanji imayamba kunjenjemera, mayi ake a munthu wodikira uja amatsika ndi dengu la nsomba zouma pamutu. Iye amawalandira katunduyo n'kunena kuti: “Mwafika, amama, tiyeni kunyumba.” Basi. Sakala anagunda kamodzi, nyimbo n'kutha ngati nyimbo ina iliyonse.

Ba Sitali anali atabwerera pampando wawo, poti miyendo sinawalole kutuluka ndi gulu. Anamva zonse. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono:

“Kanshi imafika?”

“Imafika, Ba Sitali,” anatero Mubita. “Masiku yonse yenze kufika.”

Sabata yonseyi nkhaniyi yakhala ikundisowetsa mtendere. Anthu aja sanachite mwankhanza. Anachita mwachikondi, ndipo n'chimene chikundiwawa. Timati timakonda munthu, koma kawirikawiri timakonda chithunzi chake chimene tinasunga tili anyamata. Akabwera ndi mawu ena atsopano, timamutseka pakamwa ndi nthungululu. Ndi kangati mwamuchita zimenezi mnzanu wakale, kumuumiriza kuti abwereze nthabwala ya kusukulu pamene iye wabwera kudzakuuzani kuti akudwala?

Palinso china, ndipo ndichinena mosamala poti ndikufuna kupitiriza kulemba. Kale Ba Sitali ankazimitsa magetsi chifukwa anawalamula, ndipo nkhondo inalidi pakhomo. Nanga Loweruka anawalamula ndani? Tinazolowera kudulidwa pakati mpaka tinayamba kukuyesa kukoma. Pamsonkhano wa nthambi ya chipani, munthu asanamalize funso lake timayamba kuwomba m'manja kuti akhale pansi. Pamzere timaima osafunsa. Wotizimitsa akachedwa, timamuitana tokha, n'kumupatsanso mpando wa ulemu.

Tikutuluka m'holo muja, gulu linali likadali pamsewu wopita kumsika, mimba ndi madazi, likuimba mokondwa kuti sitima yachedwa. Mayi a kunyumba anandigwira mkono n'kunena kuti, “Ndiye nzeru zija munandinyengerera nazo zinali zabodza?” 

Mubita akunyamuka mwezi wamawa, ndipo mawu amene amutsalira ndi opemphera madzi akumwa. Sadzaiimbanso. Inu amene munatuluka mukuimba, munadikira sitima imeneyi kuyambira muli ndi tsitsi. Inafika Loweruka masana, mu holo ya ku Malota. Munali kuti?