Anadula matailosi pansi pa zenera la bambo anga odwala chifuwa

Bambo anga agona m'chipatala masiku anayi, mpweya akupumira pa paipi, chifukwa cha shopu ina ya zipangizo zomangira pa boma la Ntcheu. Dzina lake sinditchula pano. Eni ake akudzidziwa.

Bambo ali ndi zaka 79. Anagwira ntchito zaka 16 pansi pa mgodi ku Joni ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha. Adokotala anatiuza kalekale kuti fumbi ndi utsi zisawayandikire. Kwathu sitisesa iwo ali m'nyumba. Timayamba tawaza madzi.

M'dzinja lapitali anaterereka ku bafa la panja. Ine ndi mchimwene wanga amene ali ku Joni tinagwirizana zowamangira bafa m'nyumba, moyandikana ndi chipinda chawo, kwathu kufupi ndi pa Kandeu. Iye anatumiza matailosi a poselini, olimba ngati mwala, osaterera ngakhale anyowe. Mabokosi 14. Mtundu umenewu kuno sindinauonepo.

Mmisiri wathu, a Ndau, anayesa kudula ndi chodulira chawo cha pamanja. Awiri anasweka. Munthu wachilungamo, anandiuza mosabisa: "Mayi, awa andikanika. Akufunika makina odula akuthira madzi. Mukawadula ouma amabenthuka, komanso fumbi lake ndi loipa kwa madalawa."

Lachiwiri, 9 koloko m'mawa, ndinali pa shopu ija. Pakhomo pali chikwangwani chachikulu chakuti amadula matailosi ndi makina a madzi. Mayi wa pa kauntala ndinamufotokozera zonse. Za mgodi, za chifuwa, za mawu a adokotala. Ndinabwereza kawiri. Anamwetulira n'kunena kuti ndisadandaule, makina awo satulutsa fumbi ngakhale pang'ono.

Ndinati ndibweretse matailosiwo adulire pa shopu pomwepo. Anakana. Akuti ndi msewu wa ku Kandeu akafika ataphwanyika, bola anyamule makina abwere kunyumba. Ndinalipira K60,000 ya kudula matailosi 38 ndi mayendedwe. Anati Lachisanu, 8 koloko.

Ine ndimagulitsa mbatatesi, ndimakapikula ku Lizulu. Lachisanu sindinapite. Ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Palibe anabwera. Loweruka chimodzimodzi. Foni ikungolira osayankhidwa. Lolemba m'mawa ndinaimbanso, mayi uja anati sabata ino sizitheka, mwina sabata yamawa. Ndiye ndinanyamuka ulendo wa ku Lizulu. A Ndau nawo anapita ku maliro a kuchipongozi kwawo, poti panalibe choti agwire.

Tsiku lomwelo, 1 koloko masana, amuna awiri anafika kunyumba. Osaimba foni. Osafunsa ngati ndilipo. M'thumba anali ndi gilayinda wamba, uja amadulira zitsulo. Makina a madzi aja anali kuti?

Soketi imene anaipeza pafupi inali ya m'chipinda cha bambo. Anatsegula zenera, n'kudutsitsa waya. Kenako anakhala pa khonde, pansi pa zenera lomwelo, n'kuyamba kudula. Matailosi 38, ouma. Mkati muli munthu wokalamba amene sangadzuke pa bedi popanda womugwira dzanja.

Nthawi ili 2:40, aneba athu, mayi Nachisale, anandiimbira. Anati anaona ngati nyumba ikupsa, utsi woyera uli tolotolo pa khonde. Atalowa anapeza bambo atakhala m'mphepete mwa bedi, pakamwa pali yasa, mawu osatuluka. "Bwerani msanga, bambo akubanika," anatero.

Matumba anga ndinawasiya pa msika ndi mnzanga. Ndinakwera njinga yamoto. Njira yonse ndinkangopemphera, sindikukumbuka n'komwe kuti tinadutsa pati.

Nditafika cha m'ma 4:30, aneba anali atawatulutsira bambo pansi pa mtengo wa mango. Nsidze zoyera, tsitsi loyera, malaya oyera. Chifuwa chikulira ngati mluzu. Amuna aja anali akukulunga waya wawo, ntchito atamaliza. Mayi Nachisale anali atawauza kale kuti asiye, koma iwo anayankha kuti atsala ndi ochepa.

Ndinafunsa wamkulu mwa awiriwo kuti madzi ali kuti. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo. Akuti iye anangouzidwa kuti akadule matailosi, za madzi sakuzidziwa. Ndinamulozera bambo. Anati, "Fumbi la tailosi ndi dothi basi, mayi. Silipha munthu." Kenako anandipempha madzi osamba m'manja.

Tinathamangira nawo ku chipatala chaching'ono cha kwathu. Kumeneko anatitumiza ku chipatala cha boma. Anamwino anagwira ntchito yawo, ndipo ndikuwathokoza.

Tsiku lachitatu, atayamba kuyankhula bwino, ndinawafunsa. "Bambo, bwanji simunawauze kuti asiye?"

Anati, "Ndinaitana, koma makina aja amasokosa. Ndiye ndinangofunda bulangeti kumutu. Fungo lake ndi lomwe lija la pansi pa mgodi, mwana wanga. Kuja tinkangopirira mpaka belu lilire."

Ndinatuluka panja kuti asandione ndikulira. Munthu anathawa fumbi limeneli zaka makumi anayi zapitazo. Ine mwana wawo ndalilipirira kuti liwapeze pa bedi pawo.

A Ndau atabwerako ku maliro anawaona matailosi aja mmodzimmodzi. Mwa 38, okwana 21 ndi obenthuka m'mbali, ena akuthwa ngati lezala. Anati sangawaike pamene munthu wokalamba aziponda wopanda nsapato. Otsala m'mabokosi sakwanira. Bafa laima pomwepo.

Dzulo, 10 koloko, ndinabwerera ku shopu. Mayi yemwe uja. Ndinamufunsa za makina a madzi. Anati pampu yake inafa chaka chatha. Chaka chatha! Ndiye tsiku lija ankandilonjeza chiyani? Ndinaloza chikwangwani. Anati n'chakale, sanapeze mpata wochichotsa. Ndinafunsa chifukwa chimene anatumizira anthu atandiuza kuti sabata ino sizitheka. Anati mpata unangopezeka mwadzidzidzi. Ndinapempha kuonana ndi mwini shopu. Akuti ali ku Lilongwe, sakudziwa tsiku lobwera.

Ndipo ndikutuluka anaponya mawu awa: "Komanso bambo anuwo anali odwala kale."

Inde anali odwala kale. Si chimene ndinakuuzirani kawiri konse? Mumayesa ndinkakuuzani kuti ticheze?

Bambo atuluka m'chipatala, koma kunyumba sanabwerere. Akugona kwa azakhali anga. Chipinda chawo takolopa katatu, fumbi likutsikabe kuchokera ku denga. Matiresi tataya. Usiku amatsokomola kuposa kale, ndipo adokotala sanandilonjeze kuti zibwerera mmene zinalili. Mchimwene wanga akuimba tsiku lililonse. Sindikudziwa chomuuza.

Inu amene mukumanga, ku Sharpevale, ku Lizulu, kulikonse, musakhulupirire chikwangwani. Auzeni ayatse makinawo muone madzi akutuluka ndi maso anu. Ngati m'nyumba muli mwana, wokalamba kapena wa chifuwa, asadulire pafupi, ndipo inuyo mukhalepo.

Kwa eni shopu, mafunso anga ndi awa. Anatuma anthu ndi gilayinda wouma ndani, akudziwa za bambo anga? Ndi makomo angati mwachita zimenezi chifere pampu yanu? Loweruka, 8 koloko m'mawa, ndidzakhala pa khomo panu ndi kabuku ka kuchipatala ka bambo. Ndidzabwera ndi mpando wanga. Sindidzachoka mpaka mwini shopu atawerenga tsamba lililonse ine ndikuona.