Ng'oma Yozizidwa ku Kabulonga

Ndinanyamuka ku Chelstone 6 koloko m'mawa, chisanu cha mu Juni chikuluma makutu, ng'oma ili paphewa. Anandiitana kumsonkhano wa akatswiri amaphunziro pa hotela ina ku Kabulonga. Ena ananyamula mapepala, koma ine zaka zitatu zofufuza mmene chikopa ndi phula zimasinthira liwu la ng'oma zinali m'ng'omamo. Anandipatsa mphindi makumi awiri zoti ndiwatsimikizire kuti kuimba nakonso ndi kafukufuku.

"Ba mudala, ng'oma nayo ilipila mupando," anatero kondakitala wa minibasi. Ndinaikhazika pamiyendo n'kupereka K15 ya munthu mmodzi. Mpaka m'tauni msewu sindinauone.

M'tauni ndinadya zitumbuwa ziwiri choimirira, n'kukwera minibasi ina yodzera ku Kabwata. Ndinatsikira ku Woodlands, kotsalako ndinayenda wapansi. Pageti la hotela mlonda anayang'ana ng'oma, ine osandiyang'ana.

"Oimba mungene kumbuyo, muzaliza pa lanchi."

Zinandiwawa, sindibisa. Ndinamuonetsa kalata yondiitana kumsonkhano, ndipo anaiwerenga kawiri asanatsegule.

Itakwana 10 koloko anatchula dzina langa. Ndinaimirira monyadira, n'kumenya. Inalira ngati chidebe chong'ambika! Chisanu cha panjira ndi makina oziziritsa m'chipindamo zinali zitafewetsa chikopa. Ng'oma timayamba taiwamba pamoto kuti ikungike. Ndadziwa zimenezi kuyambira ndili mwana, koma chimwemwe chinandiiwalitsa kuti m'hotela mulibe moto. Bambo wina wa tayi anayamba kuseweretsa foni.

Ndinauza pulofesa wamkazi amene ankatsogolera zokambirana kuti, "Ndiloleni tituluke tonse."

Anayang'ana wotchi, kenako ananyamula chikwama chake.

Kutsidya kwa msewu tinapeza mayi akuwotcha chinangwa pambaula.

"Amai, nibwelekeniko moto."

"Musazimye chabe, nili pa nchito."

Ndinayandikiza chikopa kumakala, kutembenuza, kumenya kamodzi, kutembenuzanso. Liwu linayamba kukwera pang'onopang'ono, aliyense akudzimvera yekha. Zimene ndikanafotokoza ndi mawu, ng'oma inazinena. Mabuku anatseguka. Wa tayi uja anagwira chikopa ndi dzanja lake, n'kufunsa kuti ndimadziwa bwanji kuti yafika. Ndinasangalala mpaka thukuta, m'chisanu chomwecho.

Ndisanayankhe, mayi wa chinangwa analankhula osadzutsa mutu.

"Chosani iyo, yafika. Mukapitiliza izang'ambika."

Anali atalasa. Ndinaichotsa, n'kuimenya, ndipo inalira mpaka magalimoto kuchepetsa liwiro.

"Mwadziwira chiyani, mayi?" anafunsa pulofesa.

"Atate benze kuliza ng'oma ku Katete. Nimvela chabe."

Mphindi zanga zinali zitatha kalekale, koma palibe anabwerera m'chipinda. Ndinali nditabwera kudzaonetsa kuti ndine wofufuza, ndipo akatswiriwo anavomera. Koma mafunso asanu otsiriza anafunsa mayiyo, iye akuyankha uku akutembenuza chinangwa, ine ndikulemba nawo.